Ine Sindivota

Lamlungu, 3 Novembala

Kalasi ya tsedaka, maphunziro a kupatsa. Achinyamata anga aja, mafoni m'manja monga mwa masiku onse. Komiti ya sunagoge yawasiyira thumba la chifundo la chaka chino, agamule okha kopita nalo. Ndawauza poyera kuti ine sindivota, yanga ndi kuphunzitsa basi. Asankha Rashel, mtsikana wapakamwa uja, kukhala wapampando. Bondo likuwawa.

Lachisanu, 8 Novembala

Mgonero wa okalamba ku holo, wa Lachisanu lililonse, wolipiridwa ndi thumba lija. Msuzi wa nkhuku, mabureka, timikate ta tchizi m'kati, opserera. A Nisim, nkhalamba inzanga, andinenanso kuti ndimaimba ngati chitseko chadzimbiri. Ndaseka mpaka misozi. Chimwalirireni mwamuna wanga Avram, tsiku lokhali ndi limene ndimadya ndi anthu. Masiku enawo ndi wailesi. Mwana wanga ku Haifa amaimba foni akakumbukira.

Lamlungu, 10 Novembala

Ndawatuma akayendere okalamba athu onse muno mu Plovdiv, khomo ndi khomo. Ndati musapereke musanafunse, musamayese mukudziwa kale. Mnyamata wina, dzina lake Moni, wadandaula za masitepe. Ulesi wa bambo ake weniweni, iwonso ndinawaphunzitsa ndine.

Lamlungu, 17 Novembala

Abwera nazo. Okalamba ambiri safika ku holo: miyendo, kuzizira, masitepe omwewo. Mayi Sarina sanatulukepo m'nyumba chithereni Pasaka. Ife tikamadya nkhuku, iwo amagonera tiyi. Thumba silingakwanitse zonse ziwiri, mgonero ndi chakudya cha m'makomo. Rashel akuti mgonero uthe, chakudya chizipita m'makomo.

Mtima unangoti myuu. Kwanga sanabwere kudzafunsa. Angafunse bwanji aphunzitsi?

Lachitatu, 20 Novembala

Ndikanatha kumuimbira Rashel. Mawu awiri okha, amandimvera mwanayo. Foni ndinaigwira, n'kuibwezera patebulo. Kumeneko n'kuba voti ya mwana. Koma Lachisanu langa, abale inu.

Lamlungu, 24 Novembala

Avota. Onse mbali ya Rashel kupatula Moni, amene akungolira mabureka. Anakangana bwino, osanyozana, aliyense n'chifukwa chake. Potuluka Rashel anandigwira mkono: "Aphunzitsi, tachita bwino eti?" Ndinati mwachita bwino kwambiri. Si bodza. Ndawanyadira, ndipo zandiwawa. Ndabwerera wapansi kuti ndichedwe kufika.

Lachisanu, 6 Disembala

Ku holo n'kotseka. Chakumadzulo kugogoda. Moni, thukuta kamukamu, mbale yovindikira m'manja. Akuti mayi Sarina analira polandira yawo. Ndinamuuza alowe, mpando wachiwiri ndinali nditakoka kale. "Pepani aphunzitsi, sindikhala, makomo atsala ambiri." Ndinamumva akutsika masitepe mothamanga.

Ndayatsa makandulo a Sabata. Msuzi unafika wotentha, anayesetsa mwanayo. Ndinayamba nyimbo ya patebulo, n'kuisiyira pakati. Ndadya chiimire.