Tepi Yako Yasokoneza Ukwati

Mwana wanga Dalitso,

Ndikhulupirira uli bwino kumaphunziro ku Japan. Kuno ku Kanakantapa tili moyo, bondo lokha ndilo likuvuta.

Tepi ya vidiyo inafika, koma wandichititsa manyazi. Unangolemba kuti ndi kanema wochokera m'buku lotchuka kumeneko. Ine ndinaitana makolo a Tisa, mtsikana ukufuna kukwatira uja, kuti aone dziko limene mwana wawo akakhale. Ndinabwereka batire ku mishoni, ndinayala mipando isanu ndi inayi, ndinapha nkhuku ziwiri.

Tinaona chiyani? Mkwatibwi akukokedwera pansi pa mphasa ndi mzukwa wa apongozi ake. Amake Tisa anaimirira namanga chitenge. "Amake Dalitso, mwana wanga sayenda uko, nakana." Ndinawauza kuti ndi nthano chabe. Anati, "Nanga pa mafilimu onse, anasankhira chani yamene iyi?"

Ukuti kwatuluka gawo lachiwiri, ndipo Azungu akufuna kupanga lawo. Usayese kutumiza. Lembera makolo a Tisa mwaulemu sabata ino, uikemo zithunzi za chipinda chako, mphasa zonse utazinyamula.

Ambuye akusunge, akuwonjezerenso nzeru.

Ndine amako