Apongozi Anga Ali ndi Dzina Lina M'kaundula wa Tchalitchi

Aphungu,

Mwana wathu wamkazi adzabatizidwa pa 3 Seputembala, koma mpaka lero tikungomuitana kuti Beba, kutanthauza khanda, poti za dzina sitinamvane. Ndikulemba kalatayi mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe, chifukwa ndikuona kuti yankho ndalipeza.

Ine ndimagwira ntchito yogawa makalata kuno ku Korinto. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimafika mpaka ku Kenkreya, kwawo kwa Febe Woyera, mayi uja ananyamula kalata ya Paulo kupita nayo ku Roma. Kuyambira ndili mtsikana ndinkati ndikadzabereka mwana wamkazi adzakhala Febe. Ngakhale tsiku la ubatizolo ndinachita kusankha, ndi tsiku lokumbukira woyerayo.

Vuto ndi mwambo uja mukuudziwa: mwana wamkazi woyamba amatenga dzina la amayi a bambo ake. Apongozi anga aliyense amawatchula kuti a Vivi, kufupikitsa Parasikevi. Nditawauza maganizo anga, anaika supuni pansi n'kuti, "Febe? Ndiye kuti ine ndinafa kale? Bwanji osangomutcha Sitampa, poti nkhani ndi ya positi?" Mwamuna wanga Lefiteri anangoti, "Amayi, khofi akuzizira," n'kutulukira pakhonde.

Sabata yatha denga la chipinda chosungiramo mabuku kutchalitchi cha m'mudzi mwawo linadontha. Ansembe a kumeneko, Bambo Gerasimo, anandipempha kuti ndiwathandize kukopera masamba onyowa a kaundula wa ubatizo. Anati, "Iwe umawerenga maenivulopu a anthu a m'mudzi muno, palibe zolemba zingakukanike." Pa tsamba la chaka cha 1953 ndinapeza mwana wamkazi, bambo ake Anesiti, mayi ake Marika, ndendende makolo a apongozi anga. Dzina la mwanayo linali Febe. Ndinawerenga katatu. Ansembewo anaseka n'kuti kale tate wa ubatizo ankatha kutchula dzina lomwe wakonda makolo osadziwa, ndiye mwina bambo ake atakwiya anakalembetsa lina ku boma.

Ndiye kuti mwambo ndi khumbo langa zakumana. Ndapangana ndi Despina, yemwe adzakhale mayi wa ubatizo, kuti ansembe akadzafunsa dzina adzanene mokweza kuti Febe. Kenako paphwando ine ndidzaimirira n'kuwapatsa apongozi chithunzi cha tsambalo chili m'felemu. Lefiteri akuti, "Tsiku limenelo ine ndidzakhala pafupi ndi khomo." Kodi si mantha chabe amenewa? Ndipitirize?

E.K., Korinto

Mayi E.K.,

Ndakondwa nanu. Ndinawerenga kalata yanu kawiri, kachiwiriko nditaimirira. Koma felemuyo muyambe mwaibweza m'kabati.

Tiyambe ndi zomwe tikudziwadi. Paulo sanalembe paliponse kuti Febe ndiye ananyamula kalata ija. Anangopempha Akhristu a ku Roma kuti amulandire bwino ndi kumuthandiza, ndipo poona zimenezi ophunzira ambiri amati kalatayo iyenera kuti inali m'manja mwake. Inenso ndimaganiza choncho, koma kuganiza n'kosiyana ndi kuona. Umboni wanu ndi wa mtundu womwewo. Mwapeza mayina a makolo ndi chaka. Nanga tsiku lobadwa mwaliyerekeza ndi la pa chiphaso cha apongozi anu? M'zaka zimenezo makanda ambiri sankakula. Febe ameneyo atha kukhala mkulu wawo kapena mng'ono wawo yemwe anamwalira ali wakhanda. Kodi zoterezi ndi zowapatsa m'felemu anthu akudya nyama ya nkhosa?

Tinene kuti ndi iwodi. Taganizani zomwe zimachitika akafika kutsogolo kukalandira Mgonero. Wansembe sapereka asanamve dzina la ubatizo, ndipo iwo kwa moyo wawo wonse akhala akuyankha kuti Parasikevi. Chaka chilichonse pa 26 Julaye amatsegula chitseko, alendo amabwera kudzawafunira zabwino pa tsiku la woyera wawo. Inu mukufuna kuwauza pamaso pa mudzi wonse kuti akhala akunena dzina lolakwika kwa Mulungu. Ngati sakudziwa, adzachita manyazi osaneneka. Ngati akudziwa, ndiye kuti anasankha dala kukhala chete, ndipo supuni ija sanaiike pansi chifukwa cha mwambo wokha.

Chitani izi. Bwererani kwa Bambo Gerasimo mukaone tsiku, ndipo muwapemphe kuti nkhaniyi isatuluke. Muuzeni Despina kuti mapangano aja aima kaye. Kenako pitani kwa apongozi anu, inu ndi mwanayo basi. Lefiteri mumusiye, khonde lake lilipo. Mwanayo mukawaikire pamiyendo, khofi akafika muwafunse mofatsa kuti, "Amayi, kodi Febe anali ndani m'banja mwanu?" Mukatero mukakhale chete. Kukhala cheteko kukakuvutani, ndaona m'kalata yanu, koma mukapirire.

Mwina akalira n'kukuuzani kuti mwanayo apatsidwe dzinalo. Mwina akakana. Akakana musakokane nawo: ana a mayina awiri ndi ambiri kuno, ndipo ansembe ambiri savuta. Parasikevi Febe adzakhala ndi masiku awiri olandira mphatso pa chaka, ndipo sindinaonepo mwana wodandaula ndi zimenezi.

Chenjezo langa mukulidziwa kale kuntchito kwanu. Kalata mumaipereka kwa mwiniwake ili yomata. Simuitsegula pamsewu n'kuwerengera anthu odutsa, ngakhale mutadziwa kuti muli nkhani yabwino. Tsamba lija ndi kalata ya a Vivi, yachedwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ndipo yagwera m'chikwama chanu. Ikafikitseni pakhomo pawo Lamlungu likubwerali akaweruka kutchalitchi. Dzina loti Despina adzatchule pa 3 Seputembala mukalimva kumeneko.

Aphungu