Dzina la M'buku la Ubatizo

Maine, 3 May 1978

Okondedwa Azakhali a Verna,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ohio. Kuno chipale chofewa chija chasungunuka, msewu wa kutchalitchi ndi matope okhaokha.

Mpingo wathu wa Universalist ukukwanitsa zaka 150, ndiye andipatsa ntchito yolemba mbiri yake. M'buku la ubatizo la 1934 ndapezamo dzina langa. Pamalo pa mayi wobereka sanalembepo malemu Amayi. Dzina analembapolo mukulidziwa: ndi lanu.

Nditawaonetsa a Elwood, oliza belu aja, anavula magalasi nati, “Mwanawe, kuno timati Mulungu sataya munthu ngakhale mmodzi. Ndiye ife tikanataya mtsikana wa zaka 17?”

Chikondwerero chili pa 11 June. Chonde bwerani. Sindinakwiye ayi.

Ine wanu,
Lorna