Matumba Anga pa Nambala ya Azakhali

Lolemba, 14 Julayi

Mwera wawomba tsiku lonse, fumbi mpaka m'mano. Bambo aakulu Augustino anali pakhonde ndi kawailesi kawo, kumvera nkhani za malonda monga amachitira masana alionse. Iwo samangomvera, amayankha. Wowerenga nkhani atati dziko likusowa ndalama zakunja chifukwa timagula zambiri kunja koma zogulitsa n'zochepa, iwo anati, "Tigulitse ninji tsono, fumbi?"

Kenako pawailesipo anatchula chitowe. Akuti ogula akunja masiku ano akupima mbewu, ndipo akapezamo mankhwala ophera tizilombo, ngakhale pang'ono chabe, amakana katundu. Akutinso kampani ina yaimitsa matumba ake ochokera kuchigwa kuno. Dzina sanatchule.

Bambo aakulu anati, "Amenewo ndi ena. Chathu n'choyera, nkhope ya Clotilda ili pabotolo la mafuta."

Ine ndinkadya masau. Ndinasiya mbale pomwepo n'kulowa m'nyumba.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ndilembe zonse, mwina mtima ukhala pansi. Kope ili palibe amalitsegula.

Azakhali Clotilda, mlongo wa malemu bambo anga, ndi wapampando wa kalabu ya amayi olima chitowe m'mudzi muno. Amayi 34. Kalabuyi imagulitsa ku kampani ya ku Blantyre, kampaniyo imatumiza ku Japan kokayenga mafuta. Mtengo wake umaposa wa mavenda kutali. Membala aliyense ali ndi nambala yake. Thumba lililonse amalimata nambala, n'kutapako pang'ono kuika m'kaenvulopu. Ya azakhali ndi 017.

Ine ndilibe nambala. Tsiku lolembetsa ndinapita ndithu, ndinaima pamzere. A Harold, alangizi a kampani, ankauza aliyense kuti ayang'ane foni, amwetulire, anene dzina lake ndi mudzi wake mokweza. Kutsogolo kwanga kutatsala anthu awiri, ndinachoka pamzerepo. Ndinati ndikukamwa madzi. Sindinabwererenso.

Ndiye matumba anga awiri azakhali anandiberekera. Kuno timatero, kuberekana. Wanambala amatenga thumba la wopanda nambala n'kulipereka ngati lake. Kampani imaletsa, koma ndani sabereka? Mai Maureen anabereka apongozi awo. Ena ana awo, ena anansi.

Tsopano chimene sindinauze munthu. Mu Meyi, nditadula chitowe changa n'kuimika mitolo kuti iume, chiswe chinalowa pansi. Masiku awiri okha mitolo itatu inali itadyeka. Kudenga kwa bambo aakulu kunali kabotolo ka mankhwala a thonje otsala chaka chatha. Ndinasungunula m'beseni, ndinawaza ndi tsache pansi, m'munsi mwa mitolo, ndi palona lomwe ndinadzakutumulirapo chitowecho. Thonje timathira chaka ndi chaka, sindinaganize kanthu. Amayi a m'kalabu anaphunzitsidwa kuti zimenezi n'zoletsedwa. Kumaphunziroko ine kunalibe.

Pachitowe penipeni sindinathire. Ndikungodziuza choncho.

Lachinayi, 17 Julayi

Ndi ife.

A Harold anabwera m'mawa pa njinga yamoto, chisoti osavula. Anaitanira azakhali pansi pa mtengo wa nimu. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikutsuka mbale, ndinamva zonse. Matumba onse a kalabu aimitsidwa ku Blantyre. Apima maenvulopu limodzilimodzi, mankhwala apezeka mu 017.

"Amayi, inuyo? Inu amene tinakuikani pachithunzi?"

Azakhali anangoti, "Ndamva, alangizi."

Lachitatu kudzakhala msonkhano kusukulu, kudzabwera abwana awo. Akuti mwini nambalayo achotsedwa m'kalabu osadzabwereranso, matumba ake atayidwa, ndiye a ena onse apitirira ulendo.

Njinga itachoka azakhali anakhala pansi pa nimupo nthawi yaitali, akungosalaza chitenje pabondo. Ine ndinatsukanso mbale zotsuka kale.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndinapita ku Ngabu kukagayitsa mapira. Pakhoma la nyumba yosungiramo katundu ya kampani chithunzi chija achotsa. Patsala misomali inayi ndi malo oyera pakati pa fumbi. Chinali chachikulu ngati chitseko: azakhali atanyamula lichero lodzaza chitowe, akuseka mano onse. Chitenje chatsopano chomwe anavala tsiku limenelo chinali cha kampani, atatha kujambula anachitenganso.

Kuchigayo amayi awiri, mmodzi wa m'kalabu momwemo, sanandione kapena anandiona koma sanandiwerengere. Wina akuti Clotilda anatenga chitowe cha Witness, venda uja wa sikelo ya pamsewu, n'kusakaniza ndi chake, Witnessyo atamuponyera kenakake. Wina akuti ayi, anathira dala kuti chake chioneke bwino kuposa cha anzake. "Kutchuka kwamupweteka." Anaseka.

Witness yemwe ali pamsewu ndi sikelo yake, akuitana aliyense wodutsa. "Bwerani kuno amayi, ine sindijambula munthu, sindinunkhiza thumba!"

Madzulo ndinauza bambo aakulu za chithunzi. Anazimitsa wailesi. Anati, "Linda, mvera. Chitowe chili paliponse, ku Tanzania chiliko, ku Mozambique uko chiliko. Wa ku Japan bwanji akulipira zambiri pa chathu? Sagula chitowe chokha, amagula nkhani. Pabotolo pali kachizindikiro, akalozapo foni akuona mayi wa ku Chikwawa, dzina lake, munda wake. Akudya akudziwa amene analima. Ine ndinagwira ntchito pamsika wa thonje zaka khumi, palibe anafunsapo nkhope ya mlimi. Awa anaifuna nkhope. Tsono nkhope ikadetsedwa sachapa, amasintha ina."

Iwo akuganiza kuti makina opimira alakwitsa. Kabotolo kawo sanakafunefune.

Loweruka, 19 Julayi

Ndinawatsatira azakhali kudimba. Ankakumba mbatata. Ndinaima kumbuyo kwawo mpaka anakumba mzere wonse.

"Azakhali, ndi ine."

Sanaweramuke. "Ndikudziwa. Fungo ndinalimva palona lako tsiku lomwe tinkasoka matumba. Ndinati litha ndi dzuwa."

Ndinakhala pansi pamzere. Ndinati ndikanena Lachitatu.

Apo ndiye anaponya khasu. "Nkhabe, ayi! Ukanena ninji? Ukati thumba linali lako, akufunsa kuti linalowa bwanji pa nambala yanga. Akadziwa kuti timaberekana, nambala zonse zasanduka bodza. Abweza matumba a aliyense. Amayi 34, Linda, ena chimanga chinapita ndi madzi, akudikira chitowechi. Ine ndine munthu mmodzi chabe."

"Koma akuti munalandira za Witness."

"Alankhula, atopa."

"Akuti munathira dala."

"Ndati alankhula, atopa. Iwe chibadwire sunalankhulepo pagulu. Usayambire pano, mwanawe. Tola mbatatazo."

Ndinatola. Pobwerera anandisenzetsa dengu lalikulu, iwo laling'ono, ndipo njira yonse ankakamba za mvuu yomwe yadya nyemba za anthu kumunsi kwa dambo.

Lamulungu, 20 Julayi

Kutchalitchi benchi ya azakhali inali ndi malo mbali zonse ziwiri. Ndinakakhalapo ine.

Potuluka anayala beseni lawo la zitumbuwa pachipata monga mwa masiku onse. Kamtsikana kena kanatambasula dzanja, mayi wake anakamenya pamkono. "Ufuna kufa?" Beseni linabwerera kunyumba lodzaza. Bambo aakulu anadya zinayi pakhonde, poonekera, akutafuna pang'onopang'ono kuti odutsa aone.

Lolemba, 21 Julayi

Wailesi ikuti kwacha yafookanso ndipo dziko likufunika mbewu zambiri zogulitsa kunja. Bambo aakulu lero sanaiyankhe.

Lachiwiri, 22 Julayi

Maliro a mkulu wina kutsidya kwa msewu. Amayi tinali kuseri kophikira. Azakhali ndi amene amaphika ndiwo pamaliro onse a m'mudzi muno, kuyambira ine ndisanabadwe. Anatenga mchere kuti athire m'nyemba. Mai Maureen anawagwira dzanja.

"Mchere athira ena, mai. Inu kakhaleni uko, mupume."

Amayi onse anayang'ana pansi. Mai Maureen omwewo amene anabereka matumba atatu a apongozi awo. Akudziwa bwino kuti 017 sinali ya munthu mmodzi, anandiona ndikukankha matumba anga panjinga kupita kwa azakhali. Koma akufuna azakhali okha akhale amene alakwa, kuti nkhani ithere pamenepo.

Azakhali anatsanulira mcherewo m'mbale, anapukuta dzanja, anakakhala pa mphasa ya okalamba. Zaka 46 zokha. Pamene tinkagawa chakudya mbale yawo anaiika payokha.

Iwo akuti anthu atopa. Satopa. Matumba akapita ku Japan ndiye kuti zatsimikizika, azakhali akhala wothira poizoni mpaka m'manda. Koma amayi 34. Mai Leah ali ndi ana asanu, bambo palibe, munda wa chimanga unakwiririka ndi mchenga.

Ndayesa kunena mawuwo kuseri kwa khola la mbuzi. Thumba linali langa. Mawu atatu okha. Ngakhale kwa mbuzi akutuluka motsitsa.

Lachitatu, 23 Julayi



Msonkhano unali m'kalasi ya Sitandade 5, momwe ine ndinalekezera sukulu. Amayi anadzipanikiza m'madesiki a ana. Ine ndinakhala pansi kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Abwana ndi mayi wamagalasi, a Melissa. Sanakalipe. Anati ogula a ku Japan ali ndi mayiko ambiri oti agulemo, ndipo chomwe kampani imagulitsa kwenikweni ndi chikhulupiriro. Anati anachonderera masiku atatu pafoni kuti ogulawo asathetse pangano lonse, ndipo avomera pokhapokha wolakwa adziwike, avomere polemba.

A Harold anawerenga kalata. Inkati ine Clotilda, nambala 017, ndinaphunzitsidwa, ndinkadziwa lamulo, koma ndinathira mankhwala oletsedwa mwadala ndi kubisa. Anatsegula kabokosi ka inki. Azakhali anaimirira, anapita kutsogolo, anapukuta chala chachikulu pachitenje.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangoona kuti ndili chilili ndipo mitu yonse yatembenuka.

"Thumba linali langa."

A Melissa anati, "Kwezani mawu, achemwali, sitikumva."

Azakhali anandiyang'ana. Anapukusa mutu kamodzi.

"Thumba linali langa. Awiri. Mankhwala ndinawaza ndine, chifukwa cha chiswe. Azakhali sanathire kanthu."

"Nambala yanu ndi chani?"

"Ndilibe."

"Nanga matumba anu anafika bwanji ku Blantyre?"

"Anandiberekera."

A Melissa sanalidziwe liwulo. A Harold anawanong'oneza, nkhope itagwa. Abwanawo anavula magalasi, anayang'ana kalasi yonse. "Ndi angati muno amene anapereka thumba la munthu wina pa nambala yawo?"

Zii. Kunja ana ankaimba matebulo a masamu m'kalasi ina. Mai Maureen ankayang'ana desiki.

"Chabwino. Mwandiyankha."

Anatuluka kukaimba foni. Anakhalitsa. Atabwera anati sangatumize thumba lomwe sakudziwa mwini wake. Matumba onse abwezedwa Loweruka, aliyense aone kogulitsa. Kalabu yaimitsidwa chaka chino, chaka chamawa aona, ndipo akadzayambiranso aliyense wolima adzalembetse yekha. Azakhali achoka pampando chifukwa chobereka. Kalata ija a Harold anaipinda n'kuiika m'thumba mwawo yopanda chidindo.

Mai Leah analira mokweza, manja kumutu. Potuluka mai Maureen anaima pachitseko kuti ndidutse mowakhudza. "Wosalankhula uja lero walankhula. Takhuta, mwanangu. Ana athu adya mawu akowo."

Panjira azakhali anayenda patsogolo, ine pambuyo. Titafika pamsewu tinapeza Witness wamva kale, akupukuta sikelo.

Bambo aakulu anakwera pampando, anatsitsa kabotolo kaja kudenga, anakayang'ana nthawi yaitali. Anapita nako kuchimbudzi. Atabwera anangoti, "Ndikanakataya chaka chatha."

Lachinayi, 24 Julayi

Kumjigo m'mawa. Ndowa zinali pamzere, ndinaika yanga kumapeto n'kukaima pambali. Palibe anandipatsa moni. Nthawi yanga itayandikira wina anaikankha ndi phazi, inagubuduka mpaka m'matope. Ndinaitola, ndinaiikanso kumapeto. Anaikankhanso.

Azakhali anafika ndi chigubu chawo. Amayi anawapatukira. Mai Maureen anati, "Bwerani mutunge, mai, musaime." Koyamba sabata yonseyi munthu kuwaitana.

Azakhali anatola ndowa yanga m'matope, anaigwedeza, anaiika pansi pa mpopi. Anagwira chitsulo n'kuyamba kupopa okha, osandiyang'ana.

"Gwira ndowa yako, iwe. Ikupendekeka."

Ndinagwira.