Nsanamira ya M'munda mwa Bambo

Lachinayi, pa 14 Novembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ife kuno tili bwino tsopano. Ndati tsopano chifukwa pafoni paja ndinakubisirani zina.

Mdzukulu wanu anabadwa masiku asanakwane. Kanali kakang'ono, Bambo, kokwana m'dzanja la mkamwini wanu. Anakagoneka m'kabokosi kagalasi kofunditsa makanda, ndipo kabokosiko kamadalira magetsi. Mukudziwa mmene chilala chaphwetsera madamu. Magetsi ankathima m'mawa uliwonse, jenereta ya chipatala nayo inkatsokomola ngati nkhalamba. Ikangoti zii, ine maso ankangokhala pa kachifuwa ka mwana.

Lachiwiri lapitali tinadikira kuti athime, koma sanathime. Lachitatu chimodzimodzi. Ndinafunsa anamwino ena oseketsa amene timawatcha Achangu.

"Simunamve, mayi?" anatero. "Bungwe lija la mayiko oyandikana lamaliza kulumikiza mawaya. Anzathu a kutsidya ali ndi magetsi otsala, ndiye akutigulitsa. Mvula ikadzatikomera ife, tidzawagulitsanso. Kamwana kanuka kakuwotha moto wakunja!"

Ndinalira, Bambo. Anthu amenewo ndawagomera. Zilankhulo zosiyana, aliyense ndi mbendera yake, koma anapirirana m'misonkhano mpaka chinthu chatheka. Pamene ife a mimba imodzi timakanika kugwirizana za mpanda wa pakhomo! Zoti mutu umodzi susenza denga ndaziona ndi maso angawa.

Tsono mawayawo mukuwadziwa. Ndi omwe aja anadulitsa mtengo wanu wa mango, amagetsi n'kubwera kudzazika chinsanamira chachitsulo pakati pa munda. Munakalipa mpaka mawu kusasa: "Mgwirizano wa mayikowo ndidzadya? Mango anga ndinkadya!" Amayi akuti mpaka lero mukamadutsa pamenepo mumalavula.

Chonde musalavulenso. Moto umene ukufunditsa mdzukulu wanu umadutsa pamutu panu mukamalima. Mango aja nanenso ndimawasowa, koma ndikabwera tidzabzala mtengo wina kumapeto kwa munda.

Dzulo mwanayu wayamwa yekha koyamba. Akakwiya amakwinya chipumi ngati inu nomwe, moti mkamwini wanu wayamba kale kuopa.

Moni kwa Amayi ndi achimwene. Mawa mukapita kumunda mukapatsenso moni nsanamira ija, mukaiuze kuti mwana akupuma.

Ine mwana wanu wotsiriza,
Make wa kamdzukulu kanu