Sitolo ya Ana pa Khonde Lanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa?

Kuno ku Kabwata tilipo. Mvula yatha, ndipo chimanga chimene munabzala kuseri kwa nyumba musanakagone m'chipatala ndakolola ndekha. Sichinachuluke, koma nyemba zachita bwino. Mpongozi wanu ku Chelstone wachira, ndi mwana wamkazi wa tsitsi lambiri. Achimwene a Yohane amupatsa dzina lanu. Ine dzinalo likundikanika pakamwa, ndimangoti "mwana uyu", ndipo iwo amandimvetsa. Mpopi wa panja wayambanso kudontha. Ndaumanga ndi mphira monga munkachitira, koma mfundo yanga siigwira ngati yanu.

Sukulu yanu ya mkaka ndinaitsegulanso. Ntchito ya ku sitolo ya mabuku m'tauni ndinasiya, ngakhale abwana anandiuza kuti munthu woferedwa asamafulumire kusankha zinthu. Ana amabwera m'mawa monga kale, ndipo timayambira pakhomo pomwe: amavula nsapato, ine n'kuzisokoneza, aliyense n'kufunafuna inzake ya nsapato yake. Kenako timasankha zitsekerero za mabotolo, zofiira kwazokha, zobiriwira kwazokha. Tsiku lotentha ndimawapatsa beseni la madzi ndi zitini, kuti aone tizitini tingati tidzaze chachikulu. Amanyowa mpaka m'makutu. Sabata yatha tinayala mbewu pa mphasa, nyemba, chimanga, nyemba, chimanga, ndipo kamnyamata kaja Mabvuto kanadya chimanga chonse cha pa mzere wake, chachiwisi, n'kundiuza kuti tsopano wake ndi wa nyemba zokhazokha. Sindinathe kukatsutsa.

Usiku ndimawerenga mabuku a kaphunzitsidwe ka ana amene ndinasonkhanitsa ndili pa ntchito. Amanena zambiri zabwino, koma ndikatseka buku ndimamva inu mukuti, "Usamufunse kuti ziwiri ndi zitatu ndi zingati, mupatse agwire." Ana ambiri amabwera akudziwa kuimba wani, thuu, fili mpaka teni, koma ukawauza kuti akupatse miyala itatu amakupatsa dzanja lodzaza. Ntchito yathu ndi yomwe ija, kuika nambala m'manja.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakulemberani.

Masewera a sitolo mukuwakumbukira. Sitinawayambitse ndife. Ana anabwera nawo kuchokera ku mizere ya ufa ndi sopo, kumene amadzukira ali kumbuyo kwa amayi awo. Amaona akulu akuika mwala kapena chitini pa mzere kuti chiwasungire malo, iwonso anayamba kutero pa khonde. Inu m'malo mowaletsa munangowonjezapo mafunso. Woyamba ndani? Ali kumbuyo kwa Mabvuto ndani? Zidutswa za njerwa zisanu ndiye sopo, ogula asanu ndi mmodzi: kodi onse alandira? Wogulitsa amapereka imodzi imodzi, ndipo zikatha amakuwa ngati a m'sitolo pobweza anthu kuti abwere mawa, "Yasila! Bwelani mailo!" Wotsalayo amaonetsa manja opanda kanthu, inu n'kumati, "Mwaona? Palibe nayenso ndi nambala."

Mizere ija siinachepe chichokereni inu, Amayi. Yatalika. Ndipo ana akukuwa "yasila" mokweza kuposa kale, mpaka odutsa mumsewu amaseka.

Nyumba ino ndi ya khonsolo, ndipo ili m'dzina lanu. Akukhonsolo akuti kuti ilowe m'dzina langa ndibwere ndi kalata ya apampando a chipani m'dera lathu, yotsimikiza kuti ndine mwana wanu ndipo ndimakhala muno. Apampandowo ndi Amayi Sakala omwe aja, anzanu a ku chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, amene anaphika pa maliro anu mpaka maso kufiira ndi utsi. Ndinaganiza kuti ndi nkhani ya mphindi zochepa. Koma nditapita anandiuza kuti ayambe abwera kudzaona sukulu, chifukwa amva kuti pa khonde pano ana akuphunzitsidwa kunyoza boma.

Anabweradi, atavala chitenje cha chipani, ndipo ndinawapatsa mpando wanu. Tsiku limenelo wogulitsa anali mdzukulu wawo Esinati, wa zaka zinayi, wa mipata m'mano uja. Sindinachite kumusankha, linali tsiku lake. Anawerenga sopo zake pa bokosi, zisanu, akugwira iliyonse ndi chala monga munamuphunzitsira. Anzake asanu ndi mmodzi anaika miyala yawo n'kuima. Ndiye Esinati, ataona agogo ake, anatenga sopo ziwiri n'kuzilowetsa pansi pa bokosi. Anagulitsa zitatu, n'kukuwa kuti yasila.

Mzere unawira. Mabvuto anatambasula zala zisanu pamaso pake, akuti zinali chonchi, zinali chonchi. Esinati anayankha mosatekeseka ngakhale pang'ono: "Izi ziwili ni za ba mbuya. Beve batengela kumbuyo." Anaulula kuti agogo akewo saima pa mzere, amalandirira kuseri kwa sitolo.

Amayi, ndikanayenera kukhala chete. Koma mwana wa zaka zinayi anali atangochotsa ziwiri pa zisanu pamaso panga, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinamufunsa kuti ukabisa ziwiri, a pa mzere uwasiyira zingati? Anati zitatu. Nanga opita kwawo chimanjamanja ndi angati? Anawaloza mmodzi mmodzi, n'kuti atatu. Ndinamuombera m'manja, ana onse n'kuomba nane.

Amayi Sakala sanaombe. Anadikira ana atapita kokasamba m'manja, n'kundiitanira kuseri, pa mapesi a chimanga chanu. Sanakalipe. Anati, "Imwe ba Velo, muganiza ine nilibe banthu pamwamba panga? Bakamvela ati mu sekishoni yanga bana baimba yasila, bazafunsa nani?" Ndinaona kuti mantha awo ndi enieni. Kenako anatchula mtengo wa kalata ija. Masewera apitirire, koma sopo zizikwanira onse, mzere usamakhalepo, ndipo mawu aja asamvekenso pa khonde. Ndikatero, kalata alemba tsiku lomwelo.

Ndinapita ku Chelstone kukafunsa achimwene. Iwo anaseka mowawidwa mtima. Akuti Velonika, ndi njerwa chabe, wonjezera chidutswa chimodzi usunge nyumba ya amayi. Sindikuwaimba mlandu. Ali ndi khanda, zipinda zawo ndi ziwiri, ndipo akudziwa kuti ndikathamangitsidwa kuno ndikafikira kwa iwo. M'basi pobwerera ndinayesa kudzinyengerera ndekha. Chidutswa chimodzi cha njerwa. Ndani angataye denga chifukwa cha chimenecho?

Koma taganizani, Amayi. Sopo zikamakwanira tsiku lililonse, mwana adzakumana kuti ndi "zochepa"? Adzadziwa bwanji "zatsala", "zaperewera", "palibe"? Phunziro lonse lili mwa mwana wachisanu ndi chimodzi uja, woima ndi manja opanda kanthu. Ndipo pali china choposa apo. Ana awa amaima pa mzere weniweni dzuwa lisanatuluke. Amaona amayi awo akubwerera ndi thumba lopinda. Ndiye afike pa khonde lanu, ine ndiwauze kuti zisanu ndi zokwanira anthu asanu ndi mmodzi, bola tisatchule? Munthu woyamba kuwaphunzitsa nambala akhalenso woyamba kuwaphunzitsa kuti asakhulupirire maso awo? Mabuku onse amene ndawerenga, palibe limene linandipempha zimenezo, ndipo inu simukanandipempha.

Ndinapita kwa Amayi Sakala masana, nditavala chitenje bwinobwino. Ndinagwada pakhomo monga munandilerera, ndinawafunsa za msana wawo, ndinawathokozanso chifukwa cha maliro. Kenako ndinawauza kuti sopo pa khonde zikhalabe zisanu. Ndinati tsiku limene sopo idzakwanira ku sitolo, ana adzasintha okha masewerawo, ine osanena kanthu.  Anandiyang'ana, n'kuti ndili ndi mutu wa amayi anga. Sindikudziwa ngati ankatukwana.

Kalata sanalembe. Akukhonsolo akuti adikira mpaka kutha kwa mwezi wa mawa, kenako nyumba aipereka kwa wina. Makolo ena achotsa ana awo, ndipo amandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Ena akubwerabe. Amake Mabvuto anafika ndi thumba la zitsekerero zimene anatola kuseri kwa bala ku Northmead, n'kulisiya pa khonde. Ndalembera akukhonsolo ndekha, abusa aikapo dzina lawo, ndipo ndidzapita kukakhala pa benchi ya ku ofesi kwawo mpaka wina andimvere. Kudikira pa mzere tonse tinakuphunzira.

Esinati agogo ake anamuletsa kubwera. Koma mukudziwa kuti mpanda wawo ndi wathu ndi umodzi, wa mitengo ija munkadandaula kuti mbuzi zinaiboola. M'mawa wotsatira, ndikufunsa ana kuti pa miyala inayi tikachotsa umodzi itsala ingati, yankho linachokera mu mpanda. "Itatu!" Ndinaona diso limodzi ndi zala zitatu pa bowo. Agogo ake anamuitana m'nyumba mwaukali, koma mawa lake analiponso.

Ndiye ndasuntha mphasa. Sitikhalanso pa khonde, timakhala m'mbali mwa mpanda, ndipo ine amene munkati ndimayankhula ngati ndikupepesa ndaphunzira kukweza mawu. Sindimuitana mwanayo, sindimupatsa kanthu, palibe lamulo la agogo ake limene ndaphwanya. Ndimangofunsa mafunso anga ndikuyang'ana kumene ndikufuna, ndipo ndikafunsa ndimadikira pang'ono kuti wa kuseri naye amalize kuwerenga zala.

Ndakusowani, Amayi, makamaka nthawi imene ana apita ndipo ndikutola miyala ndekha. Koma musadere nkhawa. Ndikukulonjezani kuti malinga ndikadali m'nyumba muno, mwana aliyense wofika pano, kaya wa pa mphasa kaya wa pa bowo, adzamva nambala yoona. Akukhonsolo akadzabwera kudzatulutsa katundu, adzandipeza ndili pakati pa phunziro, ndipo adzadikira ndimalize.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Velonika