Ndakusankhirani Tofiira

Bambo a Natasha,

Ndathamangira kusikelo ku Chintheche ndi mwana, musadabwe kupeza pakhomo pali zii.

A Kingsley, okonza makiyibodi aja, anaimba foni kuchokera ku Lilongwe inu muli panyanja ndi alendo a kuloji. Akuti kiyibodi yanu ya kompyuta ija aitumiza pa basi ya masana ano, ndiye amafuna kudziwa timabatani toti aikemo. Inutu sabata yonse mwangokhalira kudina titatu toyesera tija, khutu lili tcheru ngati adokotala, osasankha. Ndiye ndayesa ndekha.

Ka buluu ndangokadina kawiri, khethe khethe, Natasha n'kudzuka. Ka bulauni kamayamba kakaniza chala kenako n'kulola, ngati inu ndikakutumani kumsika. Kofiira kamangolowa myaa, kopanda phokoso. Ndawauza aike tofiira.

Pepani, ka buluu kanandipulumuka n'kugwera m'ndowa yoviikamo chinangwa. Sindinachite dala, ngakhale simukhulupirira. Ndakayanika pawindo, musakadine kasanaume.

Ngati simukugwirizana nazo, aimbireni isanakwane 12 koloko. Koma mukasintha n'kutenga ta buluu, mwana akadzuka muzibereka ndinu, uku mukutaipa.

Ndine,
Amake Natasha